Kabuku kokumbukira Bambo: momwe ntchito ikuyendera

Kumayambiriro kwa Meyi

Akuluakulu a banja lathu atakumana kunyumba ku Chilenje mu Lusaka, anamanga mfundo yakuti mwambo wovundukula chiliza cha Bambo udzachitike mwezi wa Okutobala mvula isanagwe, ndiponso kuti aliyense wobwera pa tsikulo adzalandire kabuku kofotokoza za moyo wawo. Ntchito ya chiliza yapita kwa mlongo wanga wa ku Ndola, za chakudya ndi malo ogona alendo zili m'manja mwa amayi a Chigwirizano, ndipo kabuku kagwera ine monga mwana wachisamba. Ndizilemba pano momwe ntchitoyi ikuyendera kuti abale a ku Katete, ku Lilongwe ndi ku Johannesburg azidziwa pamene tafika, ndi kuti amene ali ndi chithunzi, kalata kapena nkhani atumize nthawi ikadalipo.

Mbiri imene inawerengedwa pamaliro inali ya tsamba limodzi, ndipo monga zimakhalira pa zovuta, inalembedwa usiku anthu mitu itaima. Inatchula mudzi umene Bambo anabadwira, ntchito imene ankagwira, ukwati wawo ndi chiwerengero cha ana ndi adzukulu amene asiya. Za kuthamanga inanena m'mawu ochepa kwambiri, chonsecho mu Chilenje ndi mu Libala muli anthu ambiri amene dzina la Bambo sankalidziwa, koma ankawadziwa bwino lomwe monga mdala uja wodutsa mbandakucha atavala kabudula wabuluu. Za maulendo awo sinanene kanthu. Kabuku aka kayenera kudzaza mipata iwiriyi, ndipo ndapempha akuluakulu chinthu chimodzi, chakuti m'menemo mulowe zokhazo zimene tingathe kuzitsimikizira, ngakhale zitakhala zazing'ono poyerekeza ndi zimene timakambirana tikakhala pakhonde.

Amayi andilola kutsitsa sutukesi yachitsulo imene inkakhala pamwamba pa wadirobu. Muli mapasipoti akale odulidwa pangodya, mulu wa makope asukulu omangidwa ndi lamba wa mphira, mamendulo m'chitini cha mabisiketi, nambala zapachifuwa zimene zikadali ndi mabowo a mapini, ndi zithunzi zambiri zopanda mawu kumbuyo kwake.

Pakati pa Meyi

Ndayamba ndi makope, chifukwa ndi mmene muli dzanja la Bambo eniake. Tsamba lililonse analigawa ndi rula m'mizere isanu: tsiku, malo, njira imene anadzera, nthawi imene anatenga, ndi mzere womaliza umene ankalembamo mawu awiri kapena atatu onena za thupi kapena za nyengo, monga akuti bondo likuwawa, kunali fumbi, kapena agalu pa mphambano. Sankalembamo maganizo, ndipo wowerenga mothamanga angaone ngati ndi kaundula wa kuofesi. Koma munthu ukawerenga makope angapo motsatizana, moyo wonse wa pakhomo pathu ukuoneka m'mizere imeneyi.

Njira yawo ya masiku onse akakhala mu Lusaka inali yochoka ku Chilenje, kutsata Burma Road mpaka kukalowa mu Independence Avenue, kenako kubwerera chodzera ku Woodlands dzuwa lisanatuluke. Loweruka ankatalikitsa, nkulowera ku Leopards Hill Road, kumene masiku amenewo nyumba zinali patalipatali. M'miyezi ya Juni ndi Julayi mzere womaliza uja wadzaza ndi mawu akuti chisanu ndi zala zauma. Ndaona kuti akafika ku Dar es Salaam ankalemba mobwerezabwereza kuti mpweya ndi wopepuka koma thukuta ndi lambiri, ndipo ndaganiza zoika chiganizo chofotokozera adzukulu chifukwa chake: Lusaka ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,280 kuchokera pa nyanja yamchere, kotero munthu wozolowera kuthamanga kuno akatsikira kugombe amapuma mosavuta, ngakhale kuti chinyontho cha kumeneko chimamulemetsa.

Pa masiku amene aliyense wa ife ana anabadwa, njira imasintha. M'malo mwa Woodlands palembedwa Nationalist Road, ndipo pamalo pa nthawi palibe nambala. Amayi atsimikiza kuti m'mawa wa masiku amenewo Bambo ankathamanga kupita ku University Teaching Hospital atanyamula botolo la tiyi m'kachikwama kakumbuyo, chifukwa sakanatha kudikira basi. Palinso mwezi wathunthu umene masamba ake anawajambula mizere koma sanalembemo kanthu, ndipo ukugwirizana ndi nthawi imene Agogo, amayi awo, anatisiya ku Katete. Masamba amenewa ndiwajambula momwe alili nkuwaika m'kabuku popanda kuwonjezerapo mawu anga.

Kutaipa makope onse n'kosatheka m'miyezi imene tili nayo, makamaka pamene magetsi akumazima maola ambiri. Ndasankha kujambula tsamba lililonse ndi foni kuti lisungidwe, ndi kutaipa masamba okhawo olowa m'kabuku.

Sabata yachiwiri ya Juni

Mapasipoti anditengera nthawi yaitali kuposa momwe ndinkaganizira, chifukwa zidindo zambiri zadindidwa pamwamba pa zinzake ndipo inki inafufuma. Ndakhala ndikuziwerenga pafupi ndi zenera ndi galasi lokulitsa zilembo limene Bambo ankawerengera nyuzipepala, kenako nkuyerekeza tsiku la pa chidindo ndi tsiku la m'kope. Pafupifupi paliponse zikugwirizana: chidindo cholowera m'dziko chikakhala cha lero, kope likusonyeza kuti m'mawa mwake anathamanga m'tauni imeneyo.

Adzukulu akamva kuti agogo awo anayenda maiko ambiri amaganiza za maulendo okaona malo. Mutu wa maulendo uyenera kuwauza chimene chinkawayendetsa Bambo. Bambo anali kalaliki woona za mapepala a katundu wolowa ndi wotuluka m'dziko, ndipo anayamba ntchito pa nthawi imene njira za katundu wa Zambia zinasokonekera. Dziko lathu lilibe doko, ndipo pa ufulu mkuwa wambiri ndi mafuta zinkadzera kummwera. Ian Smith atalengeza pa 11 Novembala 1965 kuti Rhodesia, imene lero ndi Zimbabwe, yadziimira payokha, mafuta anayamba kubwera m'migolo pa malole kuchokera ku Dar es Salaam, pa msewu wa kumpoto umene unali wafumbi ndi wamatope, umene madalaivala anautcha Hell Run chifukwa cha ngozi zake. Paipi ya mafuta ya TAZAMA yofika ku Ndola inatha mu 1968. Malire a Rhodesia anatsekedwa mu Januwale 1973, njanji ya Benguela yopita ku doko la Lobito inaima mu 1975 chifukwa cha nkhondo ya ku Angola, ndipo chaka chomwecho njanji ya TAZARA, ya makilomita 1,860 kuchokera ku Dar es Salaam kufika ku Kapiri Mposhi, inamalizidwa ndi thandizo la dziko la China. Njira ya njanji ya kummwera inatsegulidwanso mu Okutobala 1978.

Zaka zimenezi ndi zimene zikufotokoza zidindo za Bambo. Cha Tunduma, pa malire a Zambia ndi Tanzania, chikubwerabwera kuposa china chilichonse. Pali nyengo imene zidindo za Mwami ndi Mchinji zikuchuluka, pamene katundu wina ankapita pa malole kudzera ku Great East Road kukakwezedwa pa sitima ku Malawi nkulowera ku Nacala ndi ku Beira. Azakhali amakumbukira kuti nthawi imeneyo mlongo wawo ankaima pa Katete kwa kanthawi kochepa, kusiya shuga ndi sopo kwa munthu wodziwana naye, lole ikulira panja, osafika kumudzi. Zidindo za Durban zikuyamba mochedwa, ndipo cha London chilipo cha ulendo wa maphunziro a ntchito.

Chimene chandikhudza n'chakuti matauni onsewa Bambo ankawadziwa ndi mapazi. Mu Dar es Salaam ankagona cha ku Kurasini pafupi ndi doko, ndipo kope likusonyeza kuti ankathamanga mpaka ku Ocean Road m'mbali mwa nyanja. Ku Mbeya analemba za zitunda, ku Beira za mchenga wolowa m'nsapato, ku London za mdima wa m'mawa ndi kapinga wonyowa wa m'paki. Mwana wa mng'ono wanga, amene amaphunzira zojambula, wavomera kukonza mapu a tsamba lapakati osonyeza njira zimenezi, ndipo pa tauni iliyonse tidzaikapo mawu a mzere womaliza wa m'kope.

Kumapeto kwa Juni

Ndinakhala ndi Amayi masana onse a Loweruka, foni ikujambula mawu patebulo. Ndinapita ndi mafunso okhudza Bambo, koma nditawawerengera mutu wa maulendo anakhala chete kwa kanthawi, kenako anati: "Mwanangu, walemba bwino kumene ankapita. Nanga kuno ankasiya ndani?"

Anafotokoza za kudzuka usiku kukaima pamzere wa ufa, mafuta ophikira ndi sopo m'zaka za m'ma 1980, mwana ali kumbuyo, osadziwa ngati katunduyo afika. Anafotokoza za mu Juni 1990, pamene mtengo wa ufa unakwera ndipo mu Lusaka munabuka zipolowe, Bambo ali ku Tanzania, iwo atatsekera ana m'nyumba nkumamvetsera wailesi motsitsa. Anafotokozanso za kusoka mayunifolomu a ana a anthu pa makina apamanja kuti fizi isadikire malipiro a mwezi. Sanalankhule modandaula, ndipo anatsindika kuti Bambo sanabwereko chimanjamanja: ankabwera ndi zitenje, mpunga ndi mabuku a ana, ndipo ndalama yaulendo imene anzawo ankaithera m'mabala iwo ankaibweretsa m'envelopu. Amayi amakhulupirira kuti kuthamanga ndi kumene kunawasungira mwamuna, pakuti munthu amene akufuna kudzuka 4 koloko m'mawa sachezera kumowa, ndipo m'matauni achilendo mmene panalibe womuona, lamulo lokagona msanga linali lomwelo la kunyumba.

Pa chifukwa chimenechi ndasintha dongosolo la kabuku. Mutu wa maulendo ukhala ndi mbali ziwiri zoyang'anizana, kumanzere kumene Bambo anali, kumanja zimene zinkachitika pakhomo pa nthawi yomweyo m'mawu a Amayi. Ndikuona kuti sitinganene zoona potchula Bambo kuti anali munthu wosamala banja ngati sitisonyeza amene anagwira banjalo pa miyezi imene iwo anali kutali. Mlongo wanga poyamba anaopa kuti zimenezi zichepetsa ulemu wa malemu, koma atamvetsera mawu ojambulidwawo wavomera.

Pakati pa Julayi

Sabata ino ndagwira nkhani yovuta kwambiri m'kabuku konse. Kuyambira tili ana takhala tikumva kuti Bambo anathamangira dziko lino pa masewera a Olympics ku Tokyo mu 1964, ndipo Amalume, amene ankawakonda alamu awo kwambiri, anaibwerezanso pamaliro. Bambo eniake sindinawamvepo akunena zimenezi, koma sankatsutsanso anthu pagulu. Pasipoti yawo yoyamba inatuluka patapita zaka kuchokera pa ufulu, ndipo nditapita ku National Archives of Zambia ku Ridgeway kukawerenga nyuzipepala za mwezi umenewo, ndinapeza maina a gulu limene linapita ku masewerawo. Dzina lawo mulibe.

Ndikuganiza kuti ndaona pamene nkhaniyi inachokera. Masewera a Olympics a ku Tokyo anatsekedwa pa 24 Okutobala 1964, tsiku lomwelo limene dziko lino linalandira ufulu, moti gulu lathu linalowa m'masewerawo monga Northern Rhodesia koma pa mwambo wotsekera linayenda ndi dzina la Zambia. M'sutukesi muli chithunzi cha Bambo ali mnyamata, atavala malaya othamangira, ataima ndi anzawo pa Independence Stadium pa zikondwerero za sabata imeneyo. Kumudzi anthu anamva za Tokyo pa wailesi, kenako anaona chithunzi cha mwana wawo ali m'bwalo lalikulu, ndipo zinthu ziwirizi zinalumikizana.

Ndinapita kwa Amalume ku Matero ndisanalembe chilichonse, pakuti sikukanakhala ulemu kuti adzazione koyamba m'kabuku. Nditagwada ndi kuwaonetsa mapepala ndinati: "Malume, ndabwera kuti mundiunikire. Ndikalemba za Tokyo, adzukulu adzafufuza pa intaneti ndipo akadzapeza kuti si zoona adzayamba kukayikira ndi zoona zomwe." Anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali, kenako anati: "Mayi, lembani zimene mwapeza. Koma mulembenso kuti usiku umene mbendera inakwera alamu anga analipo." Ndalemba momwemo, ndipo chithunzicho chitenga tsamba lonse.

Sindikuona kuti Bambo achepa ndi kanthu pamenepa. Sanapambanepo mpikisano waukulu uliwonse, ndipo masatifiketi a m'sutukesi ndi a munthu womaliza pakati pa gulu. Chimene anali nacho, chimene ochepa ali nacho, ndi zaka zoposa makumi asanu za kudzuka mbandakucha, ndipo umboni wake tili nawo m'dzanja lawo lomwe.

Kumayambiriro kwa Ogasiti

Zithunzi zonse zajambulidwa ndipo zili pa kompyuta. Abale a ku Lilongwe atumiza pa WhatsApp makalata atatu amene Bambo analembera msuweni wawo ali ku Beira. Mapu afika pa theka.

Kumayambiriro kwa Seputembala

Ndabwerako ku Katete. Ndinakonza ulendowu kuti ugwirizane ndi mwambo wa Kulamba ku Mkaika, umene umachitika kumapeto kwa Ogasiti pamene Achewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amadzapereka ulemu kwa Kalonga Gawa Undi, chifukwa ndinadziwa kuti abale obalalika adzakhala pamodzi. Mwambo utatha ndinatsalira kumudzi kwa Azakhali, amene tsopano ndi okhawo otsala m'mimba imeneyo, ndipo mutu woyamba wa kabuku, umene unali wopanda kanthu, wadzaza.

Azakhali akuti mlongo wawo anayamba kudziwika ndi liwiro chifukwa cha mauthenga. Masiku amenewo kunalibe foni ndipo njinga zinali za anthu owerengeka, choncho pamudzi pakagwa zovuta, anyakwawa ankatuma anyamata kukauza midzi yoyandikana ndi abale akutali. Bambo ndi amene ankatumidwa kumidzi yakutali kwambiri, chifukwa ankabwerako dzuwa lisanapendeke ndipo sankasokoneza mawu amene awatuma. Ankathamanganso popita kusukulu ya mishoni ya mpingo umene lero ndi Reformed Church in Zambia, mpingo umene unayambira ku Magwero mu 1899, ndipo nsapato zawo zoyamba ankazinyamula m'manja mpaka pafupi ndi kalasi kuti zisathe.

Kusukuluko ndi kumene anamva za Yotham Muleya. Mu Disembala 1958 mnyamata ameneyu, wochokera kuchigawo cha Kummwera, anathamanga wopanda nsapato mu mpikisano wa mamailo atatu ku Salisbury, kumene lero ndi Harare, ngakhale kuti ena mwa oyendetsa masewera anafuna kumuletsa chifukwa cha khungu lake, ndipo anapambana Gordon Pirie wa ku Britain, amene anali ndi mendulo yasiliva ya Olympics ya 1956. Muleya anamwalira pa ngozi ya galimoto ku America mu 1959. Azakhali akukumbukira kuti mphunzitsi anabwera ndi nyuzipepala m'kalasi, ndipo kuchokera tsiku limenelo mlongo wawo anayamba kufunsa mtunda wa pakati pa mudzi ndi mudzi. Izi zandimasulira chinthu chimene ndinachiona m'makope: chaka chilichonse mu Disembala pali tsiku limene Bambo ankapatuka pa njira yawo nkudzera mu msewu wa ku Libala wotchedwa dzina la Muleya.

Ndinapempha Azakhali kuti andionetse njira ya kusukulu ija. Mbali yaikulu tsopano ndi minda, koma mtengo wa mkuyu wa pa dambo, pamene ana ankatsukira mapazi asanavale nsapato, ukadalipo, ndipo ndaujambula.

Pakati pa Seputembala

M'chitini cha mamendulo muli kamodzi kakang'ono ngati khobidi, kamene Bambo anakakulunga padera m'mpango. Ndi ka Comrades Marathon, mpikisano wa ku South Africa umene unayamba mu 1921, wothamanga pakati pa Durban ndi Pietermaritzburg, mtunda wa makilomita pafupifupi 90, kuposa kawiri marathoni wamba wa makilomita 42.195. Anthu akuda analoledwa kulowa nawo mwalamulo mu 1975, koma kwa munthu wa ku Zambia njira inatseguka kwenikweni tsankho litatha. Bambo anapita ali ndi zaka zopitirira 50, pa basi, ndi ndalama zawo.

Ndinakacheza ndi mnzawo wa ku Kabwata amene anayenda nawo ulendo umenewo, mkulu amene tsopano amayenda ndi ndodo koma kukumbukira kwake n'kwakuthwa. Akuti anakonzekera miyezi yambiri, Loweruka lililonse kulowera ku Great East Road cha ku Chongwe, mwana wawo wina akuwatsata pa njinga ndi zigubu za madzi ndi mbatata yophika. Chaka chimenecho unali ulendo wokwera, wochokera ku Durban, ndipo malire omalizira anali maola 11, asanawonjezedwe kufika pa 12 mu 2003. Pa Drummond, pakati pa njira, onse anali bwino. Pa chitunda cha Polly Shortts, chakumapeto, miyendo ya mnzawoyo inakokana ndipo anakhala pansi. Anandiuza kuti: "Mwanangu, bambo ako akanatha kundisiya, nthawi anali nayo. Anandikoka dzanja nati tiyende mitengo iwiri ya magetsi, tithamange umodzi. Tinalowa m'bwalo mfuti yotsekera mpikisano isanalire." M'kope la tsiku limenelo Bambo analemba nthawi yawo, ndipo mu mzere womaliza muli mawu akuti tafika tonse. Nkhaniyi sanatiuzepo kunyumba.

Mkuluyu anandilozeranso kwa wosoka nsapato wa pa msika wa Chilenje amene ankakonza nsapato zothamangira za Bambo. Ndinatenga peyala imodzi ya m'nyumba kukamuonetsa, ndipo anazindikira ntchito yake nthawi yomweyo: mphira wa tayala wodulidwa mopyapyala, womatidwa ndi kusokedwa ku chidendene chakunja cha phazi lamanzere, kumene Bambo ankadyera nsapato. Akuti ankabwera nazo zitachapidwa, zingwe atazichotsa kale. Chithunzi cha nsapato zimenezi chikhala pa chikuto chakumbuyo.

Mutu womaliza ukunena za ukalamba wawo. Atapuma pa ntchito ankathandiza pa mipikisano ya m'tauni monga wogawa madzi ndi wolozera njira, ndipo Loweruka lina ankatenga adzukulu kupita nawo ku Olympic Youth Development Centre, imene inatsegulidwa mu 2010, kuti akaponde bwalo lenileni lothamangira. Anasunga zodula za m'nyuzipepala za Samuel Matete, pamene anapata golide pa mpikisano wa dziko lonse ku Tokyo mu 1991 ndi siliva ku Atlanta mu 1996, pa mamita 400 odumpha zotchinga. Mu Ogasiti 2024, ali ofooka kale, tinawakhazika pampando kuti aonere Muzala Samukonga akupata mendulo ya buronzi pa mamita 400 ku Paris, ndipo anapempha kope ndi cholembera kuti alembe nthawi yake. Makope omaliza akusonyeza kuthamanga kukusanduka kuyenda, mtunda ukufupika kuchoka pa Woodlands kufika pa msika, kenako pa geti, koma mizere isanu ija anapitiriza kuijambula ndi rula mpaka kope lomaliza.

Kumayambiriro kwa Okutobala

Kabuku konse kalembedwa ndipo kawerengedwa ndi Amayi, Amalume ndi Abusa. Amayi akonza maina a midzi iwiri ndipo achotsa chithunzi chimodzi chimene sanafune kuti chituluke, ndipo ndatsatira mawu awo. Kalembedwa m'Chichewa, ndi masamba ochepa a Chingerezi kumapeto chifukwa cha adzukulu obadwira kunja ndi anzawo a Bambo a kuntchito. Osindikiza atipatsa kope loyesera. Zithunzi zakale zatuluka zoderapo, makamaka cha pa Independence Stadium, ndipo avomera kuziwalitsa asanasindikize onse. Masamba a makope atuluka bwino, moti dzanja la Bambo likuwerengeka popanda galasi.

Mlongo wanga wanena kuti chiliza chaikidwa kale kumanda a Leopards Hill ndipo chakutidwa. Pamwalapo pali dzina, zaka ndi vesi la 2 Timoteyo 4:7 limene Amayi anasankha. Maganizo ojambulapo mendulo tawasiya, pakuti pamwala sitikufuna chinthu chosiyana ndi zimene kabuku kakunena.

Adzukulu apempha kuti m'mawa wa tsikulo, mapemphero asanayambe, athamange pa njira ya agogo awo, ndipo akuluakulu avomera. Tadziwitsa apolisi za gululi, ndipo anzawo a Bambo a ku Kabwata adzaima pa mphambano zikuluzikulu kulozera njira. Popeza Okutobala ndi wotentha, tidzanyamuka pa tchalitchi ku Chilenje 5 koloko m'mawa, kutsata Burma Road ndi Independence Avenue nkubwerera chodzera ku Woodlands, ndipo madzi adzakhala pa malo awiri. Amene sangathe kuthamanga adzayenda mbali yofupika yozungulira msika, pamodzi ndi Azakhali ndi mkulu wa ku Kabwata uja. Abale ofuna makope owonjezera a kabuku oti akapatse amene sadzafika andiuze pofika Lachisanu, chifukwa Lolemba m'mawa ndikukapereka chiwerengero chomaliza kwa osindikiza.